Tinadikira Kuti Nyanja Iphwe

Sendezani lichero kuno, inu ana, manja azitongola chimanga makutu akumva. Iwe Tadala, ndakumva ukuuza anzako kuti ulendo wako wa ku Joni waukonza pa foni madzi a tiyi asanawire. Uli pa mpando pomwepo wakwera kale basi, wafika kale, wabwerako kale. Zikomo kwambiri. Ife ulendo umodzi wokha tinaukonza miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mkulu wa zokonzakonzazo anali malemu agogo anu aamuna, a Namakhwa, omwe aja mumawaseka pa chithunzi chifukwa cha tayi. Za tayi ndifikako, musandithamangitse.

Ine ndinali ndi achemwali anga, a Dolika. Mayi athu anamwalira ndili kamwana, ndiye wondibereka kumsana, wondichotsa matekenya ndi wondikwapula anali iwowo. Atakula anakwatiwa ndi telala wa ku Milanje, tsidya la Muloza, ndipo tinkayenderana bwinobwino mpaka nkhondo ya ku Mozambiki itabuka. Othawa nkhondo atadzaza kuno, ndinkafunsa aliyense wonyamula mtolo ngati anawaonako. Wina anati mudzi wawo unatenthedwa wonse, wina anati anawaona akuwatenga asilikali. Zaka zitapita tinalira maliro opanda mtembo, tinaphika, tinameta. Tsitsi langa nthawi imeneyo linali lodzaza mpango, ndipo linapita lonse ndi lumo.

Ndiye patatha chaka chiphwereni nyanja ya Chilwa, zipani zitachuluka kale, m'mwezi wa Malichi kunabwera bambo wina wogulitsa nsomba zouma ndi kalata. Inali itadutsa m'manja ambiri moti inkanunkha nsomba ndi dizilo. Mawu ake ndimawasunga pamtima mpaka lero.

"Filesi mng'ono wanga, ndili moyo. Ndimakhala pa chilumba cha m'nyanja yamchere, kupitirira Nampula, pafupi ndi Angoche. Telala uja anamwalira tikuthawa, ndinakwatiwanso ndi msodzi, dzina lake Momade. M'maso mwanga mwalowa chifunga ndipo chikukula tsiku ndi tsiku. Bwera ndidzakuone ndisanaleke kuona. Unditengereko kalongonda, nyemba zakwathu zija."

Ndinalira, ndinaseka, ndinagwira mutu kudandaula tsitsi langa, kenaka ndinamanga chitenje m'chiuno kuti ndizipita. Agogo anu anandigwira mkono.

"Amake Rozi, takhalani pansi. Ulendo wotere umafuna fayilo."

Muwamvetse agogo anu. Anagwira ntchito ya umesenjala pa boma mpaka kupuma, kunyamula mapepala kuchoka ofesi iyi kupita ofesi iyo, ndipo anatuluka kumeneko ali ndi chikhulupiriro chakuti chinthu chosalembedwa sichingachitike. Ngakhale popha nkhuku ankafuna tiyambe takambirana tsiku. Mawa lake anagula kope, nalemba pachikuto ndi zilembo zikuluzikulu kuti Dongosolo la Ulendo, nadula mzere pansi ndi rula ya Rozi, amayi anuwa.

Kenaka anakabwereka mapu kwa a Mhango, mphunzitsi wamkulu wa pa sukulu yathu, munthu wa ku Nkhata Bay. A Mhango anabwera nawo okha mapuwo, mwina poopa kuti tiwakulungira fodya. Anawayala pakhonde pomwe mwakhalapa, miyala inayi m'makona, agogo anu n'kuyamba kuyeza msewu ndi ulusi: Phalombe, Muloza, Milanje, Mocuba, Nampula, mpaka pamene mtunda wathera. Chilumba chenichenicho chinali kadontho ngati chitosi cha ntchentche, ndipo madzi apakati pake sanakwane chikhadabo cha chala chaching'ono.

Anayang'ana madziwo nthawi yaitali, kenaka anandicheukira ngati ali m'khoti.

"Amake Rozi, mtsinje wa Phalombe umaphwa mwezi uti?"

"Okutobala."

"Nanga Sombani?"

"Okutobala yemweyo."

"Nanga Chilwa chaka chatha, anthu sankapita ku zilumba wapansi?"

"Ankapita."

"Ndiye yamchereyo ndi yani kuti isaphwe? Tinyamuka Okutobala, tikawoloka pa njinga."

A Mhango anatsokomola. "Bambo Namakhwa, pepani, yathu ya kwathu ija siiphwa, nanji iyi ndi make wa nyanja zonse."

"Aphunzitsi, munafikako?"

"Ayi, koma ndinawerenga."

"Ine ku Chilwa ndinafikako ndekha, pa njinga, ndipo matayala sananyowe."

A Mhango anapinda mapu awo n'kutsanzika mwaulemu. Tsopano musandiyese wolungama pa nkhaniyi, inu ana. Ndikanaumirira ndikanapita ndekha, miyendo ndinali nayo. Koma chichitikireni napolo uja anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ine madzi ochuluka sindinkafuna kuwayang'ana. Atanena kuti tikawoloka pouma, mtima wanga unavomera msanga pakamwa pakunamizira kukana.

Epulo tinakolola. Meyi unali mwezi wa ziphaso, ndipo apa m'pamene tayi ikulowera. Agogo anu anati munthu wopita kunja kwa dziko sangajambulitse khosi lili pamtunda, ndiye anabwereka tayi kwa kalaliki wina wa pa boma. Kumanga kwake palibe ankadziwa, choncho anaimanga mfundo yomangira mbuzi. Wojambula wa pa Migowi anayesa kuwakonza, iwo anati asawaphunzitse za mu ofesi. N'chifukwa chake pa chithunzipo maso ali tong'o, si ukali ayi, mpweya sunkadutsa.

Juni tinalemba yankho n'kupatsira bambo wa nsomba uja: "Tidzabwera Okutobala, madzi akatsika." Masiku amenewo ndikadzuka m'mawa n'kuona chifunga chitaphimba Michesi, ndinkaima ndi tsache m'manja kuganiza kuti kodi cha m'maso mwa achemwali chafika pati. Ndikawauza agogo anu, ankatsegula kope n'kundionetsa kuti zonse zikuyenda motsatira dongosolo.

Julaye ndi Ogasiti inali miyezi ya zoyeserera. Loweruka lililonse tinkatsetserekera ku mtsinje pomwe mchenga waonekera, iwo kutsogolo akupalasa, ine pa kaliyala, thumba la chimanga pamiyendo m'malo mwa katundu wa paulendo. Tinkagwa katatu tisanafike tsidya. Amayi ochapa analeka kubwera Lachisanu, onse anasamukira Loweruka, ena mpaka kutenga chinangwa chodyera pomwepo. Mmodzi anandifunsa ngati talowa mpingo watsopano.

Ndiye katundu wake! Inu mukamanyamuka mumangotenga kachikwama ndi chingwe cha foni. Ife pa tsamba lachiwiri panalembedwa jombo za mphira, pampu, zigamba za chubu, nsungwi yaitali yoyezera madzi ngati atatsalako pena, chigumu, makaka, mtedza wokazinga, chigubu cha thobwa, ndi kalongonda wa achemwali. Pamapeto pake anawonjezerapo kathumba ka mchere.

"Mchere wachiyani?" ndinafunsa.

"Mwaiwala? Nthawi ya nkhondo anthu a kumeneko sankabwera kuno kudzafuna mchere ndi sopo? Tikafika nawo akatilandira ngati mafumu."

Ndinaona kuti n'zoona, ndipo ndinausoka ndekha kathumbako kuti usatayike. Anthu awiri akuluakulu, a imvi kale, kunyamula mchere kupita nawo ku nyanja yamchere. Sekani ndithu, ine ndinaseka kale zanga.

Tinanyamuka sabata yachiwiri ya Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinakwera matola odzera pa Fort Lister mpaka ku Muloza, njinga pamwamba, nsungwi itatulukira kumbuyo. Tsidya linalo agogo anu anakonza tayi, anali atagula yawoyawo tsopano, n'kuyamba kumulankhula msilikali wa pachipata Chizungu cha pa boma. Msilikaliyo anangowayang'ana. Ine ndinamupatsa moni m'Chilomwe, chomwechi mumandiseka nacho ndikamakalipira mbuzi, ndipo anamwetulira, nafunsa za kumudzi, nadinda. Kuyambira pamenepo mpaka kunyanja pakamwa pa ulendo ndinali ine, iwo anatsala ndi kope.

Msewu wake unali wosautsa. Tinkakwera pamwamba pa malole a matumba, kudutsa milatho yogumuka ndi magalimoto opserera amene udzu unali utamera mkati. Woyendetsa wina anatichenjeza kuti wofuna kutaya madzi asalowe patchire chifukwa mabomba okwirira anali asanawazule onse. Ndiye lole ikaima, amuna kutsogolo, akazi kumbuyo, pamsewu pomwepo, manyazi tinawasiya ku Muloza. Thobwa linasasa tsiku lachiwiri, chigumu chinatha lachitatu. Njinga yokha ndiyo inayenda ngati bwana, agogo anu ataifunditsa bulangete langa kuti isakalike.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, cha m'ma teni koloko m'mawa, tinafika pa doko limene anthu anatilozera kuti a pa chilumbacho amakocheza. Ana inu, ndikanakhala kuti ndikunama ndikanakuuzani. Madzi kunalibe. Mchenga ndi matope basi, kutalika ngati kuchoka pano kukafika ku msika, ngalawa zitagona cham'mbali pouma, ndipo kutsogolo uko chilumba chikuoneka ndi migwalangwa yake.

Agogo anu anatsitsa katundu pang'onopang'ono. Anatulutsa kope, natsegula tsamba loyamba, naliika pamphuno panga.

"Amake Rozi, tawerengani apa. Mokweza."

"Nyanja imaphwa Okutobala."

"Kalata yoyamba ndikalemba pa chilumbapo ndi ya a Mhango."

Kunena zoona tsiku limenelo ndinawanyadira amuna anga. Ndinati m'mtima, anthu a sukulu amangowerenga, koma uyu ndiye mutu.

Pansi pa mtengo waukulu chapatali panali gulu la anthu atakhala ndi mitolo yawo. Mayi wina amene ankatola nkhono pafupi nafe anatiyandikira n'kulankhula chilankhulo chawo, chofanana ndi Chilomwe koma chothamanga. Ndinamva kuti akuti tikakhale pamthunzi, tidikire madzi abwere. Nditawamasulira agogo anu, anaseka mpaka kugwira mawondo.

"Muuzeni kuti madzi abwera Disembala. Anthu awa akhala pansi pa mtengopo miyezi iwiri, ulesi wokhawokha. Kwerani."

Anavala jombo, anamangirira nsungwi ndi mchere, ine ndinakhala pa kaliyala, kalongonda pamutu. Poyamba mchenga unali wolimba kuposa msewu wa ku Migowi, ndipo agogo anu ankaliza belu ngakhale kutsogolo kunalibe munthu. Kumbuyo anthu ankakuwa, ife tinkayesa akutichemerera, mpaka ndinawabayibitsa. Kenaka matayala anayamba kulemera, n'kutitimira, tinatsika n'kumakankha. Jombo imodzi inatsalira m'matope, phazi linatuluka lokha.

Tili mkati molimbana ndi jomboyo, ndinamva kuzizira m'zidendene. Nditayang'ana pansi, timadzi tikuyenda mwakachetechete kulowera kumtunda. Ndinayang'ana kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna phiri limene mvula yagwako, phiri kulibe. Pobweza maso pansi madzi anali m'akakolo, ndipo kutsogolo kunkabwera ena ochuluka, oyera m'mphepete, akuwomba phokoso.

Inu ana, kwathu kuno madzi akabwera opanda mvula dzina lake ndi limodzi. Ndinatembenuka, kalongonda ndili gwa pamutu, n'kuliyatsa liwiro ndikukuwa ndi mawu anga onse.

"Napolo! Napolo! Thawani anthuni, napolo!"

Agogo anu sanathawe. Anaima atagwira njinga dzanja ili, nsungwi dzanja ili, n'kumaizika m'madzi ndi kulengeza ngati pali amene akulemba.

"Afika m'mawondo! Amake Rozi, afika m'ntchafu! Izi sizili m'dongosolo!"

Mwayi wake madzi omwewo anadzutsa ngalawa zija zinagona. Asodzi awiri anakankha imodzi, nakawanyamula ngati thumba, iwo pamodzi ndi njinga yawo. Kathumba ka mchere kanafika kumtunda kali pepuu, mchere utabwerera kwawo.

Ine ndinakagwera pafupi ndi mtengo uja, matope mpaka m'makutu. Anthu ankaseka mogubuduzika, ana ndi akulu omwe, ndipo wina anandifotokozera akupukuta misozi kuti nyanja yawo imachoka ndi kubwerera kawiri tsiku lililonse, chilimwe ndi dzinja. Ndisanayankhe, ndinamva mawu kumbuyo kwa gululo, m'Chichewa chakwathu chenicheni.

"Akukuwa napoloyo ndani? Kuno kuli Michesi? Filesi! Ndiwe Filesi iwe!"

Dzina limenelo panali patapita zaka makumi awiri wina asanandiitane nalo. Kuno ndinali amake Rozi basi. Anthu anapatuka, ndipo ndinaona mayi wokalamba, wowonda, atakhala pa mkeka, nkhope ataloza kumene kunachokera mawu anga koma pambali pang'ono. Pafupi pake panaima bambo wa kapu yoyera, amene ndinadziwa pambuyo kuti ndi a Momade. Chiyambireni Okutobala ankawawolotsa achemwali tsiku lililonse kudzakhala pansi pa mtengowo, kudikira ife.

Ndinakwawa ndi mawondo mpaka pa mkekapo. "Achemwali, ndine. Ndabwera. Tandiyang'anani."

"Chifunga chinatseka mu Ogasiti, mwana wa mayi anga. Sendera kuno."

Ogasiti, mwezi umene ife tinkagwa ndi njinga pa mchenga amayi ochapa akuombera m'manja. Ndinalira kulira kumene sindinalire ngakhale pa maliro awo abodza aja. Iwo anandigwira nkhope ndi manja awiri, kupapasa chipumi, masaya, kachipsera ka pachibwano kamene anandipatsa okha ndi chikuni ndili mwana.

"Wakalamba iwe. Mano a apa anapita kuti? Ndipo ukununkha ngati nkhanu."

Tikuseka ndi kulira chomwecho, agogo anu anafika akudontha, jombo phazi limodzi, tayi itazungulira kumsana, kope lili phala m'thumba la malaya. Ndinawauza za Ogasiti. Kenaka munthu amene sanapepesepo chikwatirane anagwada pa mchenga.

"Alamu, wolakwa ndine. Zoti nyanja imaphwa ndinazikakamira chifukwa ngalawa ndimaiopa. Sindinakwerepo chibadwire, ngakhale bwato la pa Chilwa. Ndinachita manyazi kuwauza amake Rozi, ndiye ndinagula kope."

Achemwali anafufuza dzanja lawo mpaka analipeza.

"Alamu, akundiuza kuti munalowa m'nyanja pa njinga, mukuliza belu, mng'ono wanga ali pa kaliyala. N'zoona?"

"N'zoona, alamu."

"Masowa andimana zambiri. Koma zimenezi zokha ndiye zandiwawa kuti sindinazione."

Madzi atadzaza tinakwera ngalawa ya a Momade, ya thanga la zigamba, ndipo kuwoloka kwake sikunathe ndi ola limodzi. Miyezi isanu ndi iwiri kuopa ola limodzi. Agogo anu anagona chafufumimba pansi pa ngalawa, maso ali tsinzi, akutchula mayina a atumwi. Ine ndinakhala pakati, dzanja langa m'dzanja la achemwali, ndikuwauza amene anamwalira, amene anabadwa, ndi kuti tinawalira maliro mpaka kumeta.

Tinakhala pa chilumbapo masabata atatu. Kalongonda ndinamuphika tsiku lonse, kutaya madzi ndi kuthira ena monga mwa malamulo ake, ndipo achemwali anadya osalankhula ndi munthu. Njinga inachita dzimbiri sabata yomweyo, tinaisiya komweko, belu lokha a Momade analimangirira pa ngalawa. Kalata ya a Mhango sinalembedwe. Achemwali anakhala moyo zaka zina zinayi, ndipo tinapitanso kawiri, kopanda kope. Kuchokera chaka chimenecho uthenga ukangofika kuti wakutiwakuti wadwala, agogo anu ankakhala oyamba kuima pamsewu, nthawi zina nsapato atavala zosiyana.

Chimanga chatha? Iwe wamng'onowe, theka lathera pansi, nkhuku zikuthokoza. Tsono pali kanthu kamene sindinawauze amayi anu, ndipo musathamange nako. Chaka chino Michesi ndikumamuona ali m'chifunga ngakhale masana a Okutobala. Ndiye iwe Tadala, za ku Joni zakozo sindikuletsa, pita. Koma ika kaye foniyo pansi, ubwere ukhale apa, utembenukire kudzuwa. Ndikufuna ndikuyang'ane bwinobwino.